Galimoto ya Mnyamata wa Dzana

Mvula ikakhazikika, chimanga n'kufika m'mawondo, m'midzi ya kwa Kaphuka m'boma la Dedza mumayamba kulowa alendo amene miyezi ina saoneka. Alendowo ndi magalimoto onyezimira, aafupi msinkhu ngati akukwawa chamimba, amene kubangula kwake kumamveka iwo asanatulukire pagulaye. Amapatuka pamsewu waukulu wa M1 cha ku Linthipe kapena ku Chimbiya, nalowa m'misewu yafumbi imene nthawi imeneyo yasanduka matope. Ambiri amakhala ndi nambala za ku Joni zothera ndi zilembo za GP, ena ndi a ku Lilongwe konkuno. Chodabwitsa anthu kwenikweni ndi mwini wake. Chitseko chikatseguka satulukamo mkulu waimvi amene watha zaka akugwira ntchito ayi. Amatulukamo mnyamata amene dzana lomweli ankapita kusukulu atanyamula makope m'jumbo, mwinanso sanafike n'komwe Folomu 4.

Ana amataya magalimoto awo amawaya nathamangira kukadziyang'anira pagalasi. Akuluakulu amapereka moni mwaulemu, koma akapatuka amafunsana chapansipansi. Amene nkhaniyi imawagwera pamutu ndi aphunzitsi. Sukulu zikatsegulidwa mu Januwale, m'kalasi mumakhala funso limene ana ena amalifunsa poyera, ena amangolisunga mumtima: ngati uja analephera mayeso wabwera pa BMW, pamene mphunzitsi amene anakhoza akupalasabe njinga yomwe ija, phindu la kope n'lotani? Funso limeneli si lachibwana. Mphunzitsi akangolikalipira, mwanayo amakadziyankha yekha pokatenga pasipoti.

Kubwera kumudzi ndi katundu wodabwitsa sikunayambe lero. Agogo a anyamata omwewa ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, nabwerako ndi njinga, wailesi, galamafoni, makina osokera ndi masuti. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa ulendowo. Unayambiranso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la TEBA, nudzatheratu m'chaka cha 1988. Ngakhale gule wamkulu anaiona kale nkhani ya chuma chochokera kutali, pakuti pakati pa zilombo zotuluka pabwalo pali china chotchedwa Galimoto. Komabe chuma cha masiku amenewo chinali ndi chinthu chimodzi chimene cha lero chilibe: aliyense ankadziwa gwero lake. Munthu ankalembedwa ntchito ya miyezi yowerengeka, gawo lina la malipiro ake ankadzalandirira kuno kumudzi, ndipo mtengo wake unkaoneka ndi maso: chifuwa cha m'migodi, amayi osiyidwa ndi ana, ndi matchona amene sanabwererenso.

Pofuna kumvetsa za galimoto ya lero, ndi bwino kuyamba ndi masamu. Magalimoto ambiri oyenda m'Malawi ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Amagulidwa m'madola, nabwera pasitima yapamadzi mpaka padoko la Dar es Salaam, kenaka nayendetsedwa pamsewu kudzalowera pachipata cha Songwe ku Karonga. Pamenepo bungwe lotolera misonkho la MRA limafuna zake, ndipo msonkhowo umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Galimoto yaliwiro, pokhala ya injini yaikulu, imalangidwa koposa inzake. Tsono popeza zonsezi zimawerengedwa kuchokera ku dola, kugwa kwa kwacha kumagunda wogula mosanyengerera. Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 nifika pa K1,700. Ndiye kuti galimoto ya madola 10,000, imene dzulo lake inali K11.8 miliyoni, kutacha inali K17 miliyoni, msonkho usanaikidwepo. Kugula ndi chiyambi chabe. Pali inshuwalansi, mafuta amene injini yotere imamwa ngati ng'ombe yochokera kudambo louma, matayala opyapyala osapirira miyala, ndi zitsulo zimene makaniko wa pa Linthipe sangazipeze popanda kuitanitsa kunja. Mphunzitsi aliyense angathe kulemba samu imeneyi pabolodi, pambali pake n'kulemba malipiro a pamwezi a kalaliki kapena namwino. Ana a Sitandade 8 adzaona okha kuti malipiro okha sangagule galimoto yotere, ndipo pamenepo funso loyenera limabadwa: nanga ndalamazo zachokera kuti?

Njira yodziwika kwambiri ndi ya ku Joni. Chipata cha Dedza chili pakhomo, ndipo mabasi odzera ku Tete ndi ku Zimbabwe mpaka ku Beitbridge amanyamula anyamata tsiku ndi tsiku. Ena mwa iwo amapezadi bwino, makamaka amene anapita ndi luso m'manja, monga umakaniko, kuwotcherera zitsulo, kumanga nyumba kapena kuyendetsa malole. Kumeneko galimoto yakale ya dzina lomveka imapezeka pamtengo wotsikirapo, ndipo amene ali ndi mapepala oyenera angathe kuitenga pangongole yobweza mwezi ndi mwezi kwa zaka zingapo. Galimoto ya GP imene yaima pakhomo pa Khirisimasi kawirikawiri imakhala yalowa m'dziko muno pachilolezo cha masiku owerengeka. Mu Januwale iyenera kubwerera, ndipo nthawi zina mwini wake weniweni ndi banki, kapena bwana, kapena anyamata anayi amene asonkherana mafuta. Amene mudzi suwaona ndi anzake ochuluka aja: ogwira ntchito m'maluwa ndi m'masitolo popanda chilolezo, ogona asanu m'kachipinda ka malata, ogwidwa ndi kutsekeredwa ku Lindela podikira kubwezedwa kwawo. M'chaka cha 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi alendo m'dzikomo, ndipo m'chaka cha 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga nzika zake. Obwerera motere amatsika basi madzulo, nalowa m'mudzi mwakachetechete, ndipo palibe mwana amene amawathamangira.

Aliponso anyamata olemera ndi thukuta la konkuno. Dedza ndi dziko la mbatata ya kachewere, nyemba, soya ndi mtedza, ndipo mnyamata wochenjera amene anayamba ndi sikelo imodzi pamsika angathe, patapita zaka, kumatumiza matumba ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma pali chinthu chimene anthu otere amafanana. Ndalama zikachuluka amayamba wagula njinga yamoto ya kabaza, kenaka Sienta kapena Probox yonyamula anthu, kenaka lole yonyamula mbatata. Munthu amene anaiona ndalama ikubwera tambala ndi tambala amagula chinthu chimene chidzabweretsa ina. Nkovuta kumupeza atayamba ndi galimoto ya mipando iwiri imene singanyamule ngakhale thumba limodzi la feteleza.

Magalimoto ena ndi ongobwereka. Mu Lilongwe muli makampani ochititsa hayala magalimoto pa tsiku, ndipo masiku atatu akwanira kuti munthu aoneke pa chinkhoswe, pa ukwati kapena pomanga chiliza, ajambulitse zithunzi, nabweza makiyi Lolemba. Ena amagula ndi ndalama za katapila, ena ndi chuma chamasiye chimene chinayenera kuphunzitsa ang'ono awo, enanso anagulitsa munda kapena dimba limene agogo analisunga mibadwomibadwo. Ndipo pali mtundu wina watsopano, wopezeka pa Facebook ndi pa WhatsApp: mnyamata wotsamira galimoto yofiira, wolonjeza kuti aliyense womutumizira ndalama adzaphunzira kulemera pogula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa foni. Kwa munthu wotere galimoto ndiyo nyambo, ndipo amene amailipira ndi omwe akuisirirawo. Ku South Africa kampani ya Mirror Trading International, imene inkalonjeza phindu lalikulu mwezi uliwonse kudzera mu Bitcoin, inagwa mu Disembala 2020, anthu zikwizikwi a m'maiko ambiri natsala manja ali m'khosi. Akale ankanena za chikomekome cha nkhuyu asanaone n'komwe foni.

Anthu a m'mudzi akalephera kulondola gwero la chuma, yankho limakhala lokonzeka kale: mnyamata uja anakhwima. Amati anapita kwa sing'anga wa kutsidya kwa malire, anapereka chizimba, ndipo m'bale wake akadwala kapena kumwalira, nkhani imatha pomwepo. Maganizo amenewa ali ndi zoipa ziwiri. Amanamizira wosalakwa amene anangogwira ntchito molimbika, ndipo amabisa wolakwa weniweni, pakuti anthu akakhutira kuti ndi mankhwala safunsanso za mabuku a ndalama. Zimene zinachitika ku Lilongwe m'chaka cha 2013 zinaonetsa kuti chuma chodzidzimutsa chingakhale ndi gwero losafuna sing'anga konse.

Kwa nthawi ndithu anthu a mumzindawo ankaona antchito ena a boma, ena a iwo achinyamata a maudindo aang'ono, akusintha magalimoto ndi kumanga nyumba zosagwirizana ndi malipiro awo. Mu Seputembala 2013 kalaliki wina wa za ndalama, Victor Sithole, anapezeka ndi ndalama zoposa K100 miliyoni pamodzi ndi madola ndi marandi. Pa 13 mwezi womwewo mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pachipata cha nyumba yake, napulumuka. M'masabata otsatira apolisi anapeza mitolo ya ndalama m'nyumba ndi m'mabuti a magalimoto, ndipo nkhaniyo inatchedwa Cashgate. Njira yake inali yapafupi mochititsa manyazi. Anthu ankalowa m'makina a kompyuta olipirira zinthu za boma otchedwa IFMIS, nalemba macheke opita kumakampani amene sanagulitse kanthu kalikonse kuboma, ndalama zikatuluka nafufuta zolembazo. Ofufuza a kampani ya ku Britain ya Baker Tilly, mu lipoti lawo la mu Febuluwale 2014, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatayika m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013. Pulezidenti wa nthawiyo, Mayi Joyce Banda, anachotsa nduna zake zonse mu Okutobala 2013, ndipo maiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo la madola pafupifupi 150 miliyoni, pa nthawi imene gawo lalikulu la bajeti linkadalira iwo.

Makhoti anagwira ntchito yake pa ena. Treza Senzani, amene anali mlembi wamkulu mu Unduna wa Zokopa Alendo, anagamulidwa zaka 3 mu Okutobala 2014. Sithole analandira zaka 9. Ndipo wamalonda Oswald Lutepo, atavomera mlandu wokhudza K4.2 biliyoni, anagamulidwa zaka 11 mu Seputembala 2015. Apa m'pamene nkhaniyi imabwerera kwa Kaphuka. Ndalama zimenezo zinali zochokera m'thumba lomwe limagula mankhwala a pachipatala chaching'ono, choko ndi mabuku a sukulu, ndi kulipira mphunzitsi wa panjinga uja. Mayi amene anauzidwa kuti akagule yekha mankhwala, ndi mwana amene anaphunzirira pansi pa mtengo, analipirako magalimoto a ku Lilongwe aja osadziwa.

Sikuti mnyamata aliyense wa galimoto yokongola ndi wakuba ayi, ndipo kuloza chala popanda umboni ndi mlandu pawokha. Koma kufunsa gwero la chuma si nsanje, pakuti ngakhale malamulo a dziko amafunsa. Gawo 32 la lamulo lothana ndi ziphuphu limalola bungwe la ACB kufufuza wantchito wa boma amene moyo wake kapena katundu wake ukuposa zimene amalandira, ndipo iyeyo ndiye ayenera kufotokoza kumene anazitenga. Lamulo la 2017 lokhudza milandu ya zachuma limapatsanso boma mphamvu yopempha khoti kulanda katundu wopezeka m'njira zachinyengo. Chomvetsa chisoni n'chakuti funso limene lamulo limalola, mudzi umachita nalo manyazi. Wobwera pagalimoto amapatsidwa mpando wa kutsogolo pamaliro, amaitanidwa kukhala mlendo wolemekezeka pa pepa sande, ndipo makolo amene ali ndi mwana wamkazi amayamba kumutchula ndi ulemu umene sanampatsepo mphunzitsi wamkulu. Ana amaona zonsezi ali chete, ndipo amaphunzirapo msanga kuposa zimene amaphunzira m'kalasi.

Masabata awiri akatha, alendo aja amayamba kubwerera. Pamenepo mvula imakhala itakumba misewu, ndipo galimoto yopangidwira misewu yosalala ya ku Germany imakhula mimba pamtumbira uliwonse. Ikatitimira pamatope amaitana anyamata a m'mudzi, anzake a mwini wake a kusukulu aja, kuti adzakankhe, ndipo zikakanika amabwereka ng'ombe za pangolo. Ina imafika pa tala nilunjika kuchipata cha Dedza chilolezo chisanathe. Ina imatsala kuseri kwa nyumba itakwezedwa pa njerwa, podikira chitsulo chimene mwini wake analonjeza kutumiza akakafika, ndipo pofika nthawi yokolola nkhuku zimakhala zitayamba kuikira pansi pake.