KODI NYIMBO ZIMENE MWANA AKONDA ZISONYEZA NZERU ZAKE?

M'makomboni a Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika muli makolo ena amene amati mwana wokonda kalindula kapena nyimbo za acinyamata sangapite patali ndi sukulu, koma womvera nyimbo za azungu ndiye wanzeru. Ana ena amadzudzulidwa ndi kuchedwa mbuli pa cifukwa cimeneci. Kodi ofufuza apeza zotani?

Nkhaniyi inachuka mu 1993. Frances Rauscher ndi anzake pa yunivesite ya California ku Irvine anamvetsera ophunzira 36 nyimbo ya Mozart kwa mphindi 10. Ophunzirawo anakhoza bwinoko mayeso a kaonekedwe ka zinthu, koma phindulo linatha pasanapite mphindi 15. Anali akuluakulu, osati makanda. Ngakhale zinali tero, mbiri inawanda yakuti Mozart amakulitsa nzeru za ana.

Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2005 anayesa ana oposa 8,000 a ku Britain. Pa ena a mayesowo, ana amene anamvera nyimbo zamakono anaposa amene anamvera Mozart. Tanthauzo lake ndi ili: nyimbo imene munthu aikonda imamsangalatsa ndi kumgalamutsa kwa kanthawi, koma siisintha nzeru zake. Mtundu wa nyimbo umene mwana akonda umatsata kwambiri kumene akulira ndi anzake amene ayenda nawo. Wokulira pafupi ndi Mtenguleni adziwa ngoma ya pa Nc'wala, wa ku Mkaika ku Katete adziwa ng'oma za Gule Wamkulu. Kusunga nyimbo ndi mayendedwe a mapazi a magule amenewa ndi nchito ya ubongo ndithu.

Zimene zimaononga nzeru za mwana ndi zina. Coyamba ndi kusowa cakudya coyenera m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mai atenga pakati kufikira mwana atakwanitsa zaka 2. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira. Caciwiri ndi kusowa ayodini m'thupi. Cacitatu ndi malungo aakulu olowa m'ubongo. Motero mai wapakati adye bwino, mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, pambuyo pake phala lake lithiridwe nsinjiro, kapenta wopera kapena dzira. Banja ligwiritse nchito mcere wa ayodini, ligone m'neti, ndipo mwana wotentha thupi apite ku cipatala tsiku lomwelo.

Pa nyimbo, coopsa ceniceni ndi phokoso. Kukweza kwambiri wailesi kapena tomvera m'makutu kumapha pang'onopang'ono tizigawo ta m'kati mwa khutu, ndipo sitimeranso. Mwana wosamva bwino amatsalira m'kalasi, nayesedwa wopanda nzeru. Ngati makutu alira, atuluka mafinya, kapena mwana sayankha poitanidwa, akapimidwe ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital.

Makolo asanyoze mwana cifukwa ca nyimbo imene akonda. Amcepetsere phokoso, aziimba naye, ndipo ayang'anire mbale yake.