Kodi mumadziwa? Mizere yokhotakhota ya pamapu

Mlimi amene anaikapo akalozera m'munda wotsetsereka amaidziwa kale mizere yokhotakhota ya pamapu a mapiri: mzere uliwonse umadutsa malo okwera mofanana. Mizere ikathithikana, pamenepo n'potsetsereka kwambiri; ikatalikirana, n'pachidikha.

Masiku ano mizereyi imajambulidwa ndi kompyuta. Mu February 2000, chombo cha NASA chotchedwa Endeavour chinazungulira dziko masiku 11 chikuyeza kukwera kwa nthaka ndi radar. Chinali ndi tinyanga tiwiri, kena kali kunsonga ya mtanda wotalika mamita 60, ndipo chinayeza pafupifupi 80 peresenti ya mtunda wonse. Zimene chinapeza zimatchedwa SRTM, ndipo zili pa intaneti ulere.

Mu SRTM nthaka inagawidwa m'timagawo ta mamita pafupifupi 30 mbali zonse, kalikonse ndi nambala ya kukwera kwake. Ife a ku Africa tinkangopatsidwa timagawo ta mamita 90 mpaka 2014. Pulogalamu yaulere ya QGIS mukaiuza kuti izijambula mzere pa mamita 20 aliwonse okwera, imalumikiza malo ofananawo, phiri la Mulanje n'kutulukira pagalasi, mizere itaunjikana kuzungulira Sapitwa, pamamita 3,002.

Koma mizereyi musaikhulupirire mopitirira. Radar imagunda masamba a mitengo, choncho nkhalango yowirira imaoneka yokwera kuposa nthaka yake. Pamaphompho ena sinaone kanthu, mipatayo inachita kudzazidwa pambuyo pake. Mukaipempha mizere ya mita imodzi imodzi, kompyuta sikana, koma yambiri imakhala yongoyerekeza.