Tsala ndi Dambo pa Mapu a Kummwera kwa Niassa

Ku Massangulo, likulu la boma la Ngauma, komanso ku Mandimba ndi ku Cuamba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, malo a mudzi akhala akugawidwa mwamwambo kuyambira kalekale, ndipo pakati pa Ayao munda umatsata mbumba, kutanthauza akazi apachibale pamodzi ndi ana awo, amene amayang'aniridwa ndi mlongo wawo wamwamuna. Kagawidwe kameneka kamasiyanitsa munda wakumtunda wa chimanga, nandolo ndi chinangwa, umene umadalira mvula yokha, ndi dimba la kudambo, limene limadyetsa banja m'chilimwe ndiponso ndi kumene kumakumbidwa zitsime zosaphwa msanga. Palinso tsala, munda wogonekedwa zaka zingapo kuti chonde chibwerere, ndipo mudzi wonse umadziwa mwini wake ngakhale patamera tchire.

Lamulo la malo la Mozambique la 1997 linati nthaka yonse ndi ya boma ndipo siigulitsidwa, koma linazindikira kuti okhala pamalo mwamwambo ali ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ngakhale alibe chikalata, ndipo wofuna malo ayenera kuyamba wakambirana ndi eni mudzi. Lamuloli ndi labwino, koma wojambula mapu wochokera kutali amaona tsala ngati thengo lopanda mwini, ndipo apa ndi pamene panagona yambiri mwa mikangano imene inabuka makampani obzala paini ndi bulugama, monga Chikweti, atalowa m'Niassa.

Maganizo omwewo anaonekanso mu ProSavana, ndondomeko imene maboma a Mozambique, Brazil ndi Japan anagwirizana mu 2009, yokhudza maboma a m'mbali mwa njanji ya Nacala ndi ena oyandikana nawo, kuphatikizapo Ngauma, Mandimba ndi Cuamba. Chitsanzo chake chinali Cerrado, dera lalikulu la tchire la ku Brazil limene mbali yake yaikulu inasanduka minda ya soya ya makina kuyambira m'ma 1970, nthaka yake yowawasa itathiridwa laimu. Zokolola kumeneko zinachulukadi, koma zambiri zinali zogulitsa kunja, pamene mlimi wa ku Ngauma amayamba waganiza za nkhokwe yake asanaganize za fodya kapena thonje. Bungwe la alimi ang'onoang'ono la UNAC linakana ndondomekoyi mwamphamvu, ndipo inathetsedwa mu 2020.

Njira yoyenera kuilingalira ili pafupi, ku Tanzania, kumene lamulo la 1999 linaika malo a mudzi m'manja mwa khonsolo ya mudziwo, ndipo msonkhano wa anthu onse ndi umene umavomereza malire a minda, msipu, nkhalango ndi magwero a madzi. Ntchito yojambula mapu a malirewa imadya ndalama ndipo midzi yambiri sinaimalize, komabe imayambira pa zimene alimi akudziwa kale. Kummwera kwa Niassa, kumene madambo ambiri amathira madzi mu mtsinje wa Lugenda, mapu otere akanayamba ndi kulemba tsala ndi madimba m'dzina la mbumba zake, mlendo wofuna malo asanafike.