Zigoli akumwetsa ndi Barbra, koma bolodi ndi la Arsenal

Loweruka likafika m'Chipata simuvutika kudziwa matimu omwe akusewera. Pakhomo pa nyumba zoonetsera mpira ndi pa mabala a ku Kapata amaimika bolodi lakuda lolembedwa ndi choko: Arsenal ndi Chelsea nthawi yakuti, Man United ndi Liverpool madzulo, pansi pake mtengo wolowera. Chipolopolo ikakhala ndi masewero, dzina lake limakwera pamwamba pa onse. Anyamata onyamula anthu pa njinga amaima pomwepo, mwendo umodzi pansi, n'kumakangana za amene apambane. Koma dzina la Orlando Pride ndi lovuta kuliona pa bolodi lotere, ngakhale kuti kumeneko ndi kumene kunapita wosewera mpira wa ku Zambia amene dziko lapansi likumutchula kwambiri zaka zino.

Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu pokumana ndi Netherlands pa masewero a Olympics ku Tokyo mu 2021, patangopita masiku atatu n'kumwetsanso zitatu pokumana ndi China. Panalibe mkazi amene anachitapo zimenezi motsatizana pa Olympics. Pa Olympics ya ku Paris mu 2024 anabwerezanso zitatu pa goli la Australia. Chaka chomwecho Orlando Pride inamugula ndi madola 740,000 a ku America, ndipo mu Novembala chigoli chake chimodzi ndicho chinapatsa timuyo chikho cha ligi ya dzikolo, kuno kuli mbandakucha, ambiri tili m'tulo. Mnzake Racheal Kundananji atachoka ku Madrid CFF kupita ku Bay FC mu Febuluwale 2024, panalibe wosewera wamkazi pa dziko lonse amene anagulidwapo ndi ndalama zoposa zake. Timu yathu ya akazi ya Copper Queens inasewera mpikisano wa World Cup mu 2023 n'kugonjetsa Costa Rica 3-1. Chipolopolo, imene tonse timaikonda ndipo chikho chake cha mu 2012 ku Libreville sitidzachiiwala, ku World Cup sinapondeko, ndipo mipikisano ya Africa ya 2017, 2019 ndi 2021 inaionera pa kanema ngati ife tomwe.

Kunena kuti atolankhani a muno salemba za Copper Queens kungakhale kuwanamizira. Tsiku la masewero aakulu nyuzipepala zimadzaza zithunzi, wailesi zimaimba nyimbo zotamanda, andale nawonso amathamangira pa Facebook kukayamikira "ana athu aakazi". Vuto limaoneka Lolemba lotsatira. Mpira wa amuna umakhala pa wailesi sabata ndi sabata, kaya pali masewero kaya palibe: uyu wavulala bondo, uja wakangana ndi mphunzitsi, wina akufunidwa ndi timu ya ku South Africa. Mpira wa akazi umabwera ngati mlendo, n'kubwerera. Barbra anasewerapo mu Green Buffaloes, Kundananji mu Indeni Roses, matimu a konkuno, koma ndi ochepa amene anamva maina awo pa nthawi imeneyo. Tinawadziwa azungu atatiuza.

Eni nyumba zoulutsa mawu ali ndi yankho lawo lokhazikika: anthu safuna mpira wa akazi, ndiye otsatsa malonda salipira. Yankho limeneli linayesedwa pa masewero a basketball ku America, ndipo silinapirire. Akatswiri awiri, Cheryl Cooky ndi Michael Messner, akhala akuwerengera nthawi imene nkhani za pa kanema zimapereka ku masewero a akazi, m'kafukufuku amene anayamba mu 1989. Mu 2019 anapeza kuti akazi ankapatsidwa pafupifupi magawo 5 okha pa 100 aliwonse, ndipo patatha zaka 30 zinthu zinali zisanasinthe kwenikweni. Kenaka mu 2023 masewero otsiriza a basketball ya akazi a m'makoleji anachotsedwa pa kanema wolipira n'kuikidwa pa ABC, imene aliyense amaonera. Mu 2024, South Carolina itakumana ndi Iowa ya Caitlin Clark, anthu oposa 18 miliyoni anaonera, pamene masewero otsiriza a amuna sanakwanitse 15 miliyoni. Kanali koyamba kuti akazi apose amuna. Wogulitsa pa msika amene waika tomato pansi pa thebulo sangadandaule kuti anthu sakugula.

Ndalama zimayenda njira yomweyo. Ligi ya amuna ya NBA, imene inayamba mu 1946, inagulitsa ufulu woonetsa masewero ake ndi madola pafupifupi 76 biliyoni pa zaka 11. Ligi ya akazi ya WNBA, imene inayamba kusewera mu 1997, inapeza 2.2 biliyoni pa zaka zomwezo. Kusiyana komweku kumaoneka pa malipiro: Clark, amene anasankhidwa koyambirira kulowa mu WNBA mu 2024, malipiro ake a chaka choyamba anali madola pafupifupi 76,000, pamene Victor Wembanyama, woyamba kusankhidwa mwa amuna mu 2023, analandira pafupifupi 12 miliyoni. Malipiro amachokera ku kanema, ndipo kanemayo ndi amene amasankha woti aonetsedwe.

Kuno ku Africa nkhani yake ndi yomweyi. Ligi ya Basketball Africa League, imene NBA inathandiza kukhazikitsa ndipo inayambira ku Kigali mu 2021, ndi ya amuna okhaokha, ndipo ndiyo ili ndi makamera ndi nyali zowala. Koma timu yoyamba ya mu Africa kufika m'gulu la matimu 8 otsiriza pa basketball ya Olympics, kaya ya amuna kaya ya akazi, ndi D'Tigress ya ku Nigeria, ku Paris mu 2024, mphunzitsi wake ali mzimayi, Rena Wakama. Kwa anansi athu ku Mozambique, Clarisse Machanguana anafika mu WNBA kalekale mu 1999. Funsani okonda masewero m'Chipata ngati dzina limeneli analimvapo.

Chimene chimandiwawa ine kwambiri si kuchepa kwa mphindi, koma zimene zimakambidwa m'mphindi zochepazo. Mu 2022 Barbra sanasewere mpikisano wa akazi wa mu Africa ku Morocco chifukwa cha malamulo oyeza matupi a osewera. Anzake anafika pa nambala 3 iye kulibe, atagonjetsa Nigeria 1-0, koma kunja nkhani imene inawanda inali ya thupi la Barbra. Bungwe la BBC litamusankha kukhala wosewera wamkazi wopambana mu 2024, chipongwe chinasefukira pa intaneti, ndipo mitu ya nkhani inatsatira chipongwecho m'malo motsatira zigoli. Mwamuna akamwetsa zigoli zitatu timakamba za phazi lake lamanzere ndi liwiro lake. Mkazi akatero, ena amayamba kufunsa ngati ndi mkazi ndithu, ena ngati adzakwatiwe. Mafunso amenewa si a pa intaneti pokha, amamvekanso pa benchi za m'mabala athu.

Chipata ili ndi mwayi umene mizinda ina ilibe. Wailesi monga Breeze FM, imene Mike Daka anayambitsa, ndi Radio Maria zimalankhula chinenero cha anthu ndipo zimamveka m'midzi yakutali. Malire a Mwami ali pafupi, ndipo kutsidyako ku Malawi n'kumene kunachokera Temwa Chawinga wa ku Rumphi, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu Kansas City Current n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yomwe ija ya Barbra. Ana awiri a maiko oyandikana akulimbana ku America, nkhani yokoma chonchi ikanakhala ya amuna bwenzi tikuikamba mpaka m'maliro. Fashion Sakala, mwana wa m'Chipata momwemuno, tinamutsatira phazi ndi phazi kuchokera ku Rangers mpaka ku Saudi Arabia, ndipo n'koyenera kutero.

Mtolankhani wa m'boma sitingamuweruze msanga. Kawirikawiri amakhala yekha, ndalama yoyendera ndi yochepa, ndipo Loweruka limodzi sangakhale pa bwalo la David Kaunda komanso pa bwalo la sukulu kumene atsikana akusewera. Amapita kumene kuli khamu, zotsatira zina n'kudikira kuti wina amuimbire foni. Matimu a amuna amakhala ndi mlembi wotumiza zotsatira ndi zithunzi pa WhatsApp masewero akangotha. Matimu ambiri a atsikana amatsogoleredwa ndi mphunzitsi wa sukulu mmodzi, yemweyo wonyamula mipira, yemweyo wofuna galimoto, yemweyo wopempha makolo kuti alole ana awo kuyenda. Pa bwalo la simenti yong'ambika, lokhala ndi mkombero wachitsulo wopanda ukonde, mtsikana wa ku Katete kapena ku Lundazi akhoza kuponya mipira khumi yolowa, masewero n'kutha, aliyense n'kupita kwawo. Palibe polembedwa dzina lake, palibe chithunzi, palibe chiwerengero. Wofufuza osewera wochokera ku Lusaka akafunsa kuti ku Chigawo cha Kum'mawa kuli ndani, mphunzitsi uja amayenera kufotokoza ndi pakamwa, chifukwa alibe nyuzipepala kapena kanema woti amuonetse.