Akazembe a Germany ku Netherlands: onyamula mawu a nkhondo ndi a mtendere

M'mamawa wa pa 10 Meyi 1940, anthu a mumzinda wa The Hague ku Netherlands adadzidzimuka ndi mkokomo wa ndege. Asilikali a Germany ankatera pa mabwalo a ndege ozungulira mzindawo ndi cholinga chogwira Mfumukazi Wilhelmina pamodzi ndi nduna zake. Nkhondo itayambika kale choncho, mpamene kazembe wa Germany, Julius von Zech-Burkersroda, adafika kwa nduna yoona za ubale ndi maiko akunja, Eelco van Kleffens, atanyamula uthenga wochokera ku Berlin.

Uthengawo udati Germany ili ndi umboni woti Britain ndi France akufuna kudzera m'dziko la Netherlands pokaithira nkhondo. Udatinso Adatchi akapanda kulimbalimba, ufumu wawo ndi maiko omwe ankawalamulira kutsidya kwa nyanja sizikhudzidwa, koma akalimbana nawo dziko lawo liphwasulidwa. Zech adali atakhala ku The Hague zaka 12 ndipo ankadziwana bwino ndi anthu omwe ankawaopsezawo. Mbiri imati adasweka mtima moti mawu ankamukanika kutuluka. Van Kleffens adalemba yankho pomwepo: boma lake likukana bodzalo ndipo kuyambira tsopano lili pankhondo ndi Germany.

Kazembe amafanana ndi nkhoswe: mawu omwe amanyamula si ake, koma nkhope yomwe anthu amaiona ndi yake. Mbiri ya akazembe a Germany m'dziko la Adatchi ikuonetsa kulemera kwa udindo umenewu pamene okutuma ndi wamphamvu kuposa mnansi yemwe ukukhala naye.

Maiko awiriwa ndi oyandikana, ndipo mtsinje wa Rhine, womwe umanyamula katundu wa mafakitale a ku Germany, umakathira m'nyanja kudzera ku Netherlands, komwe kuli doko lalikulu la Rotterdam. Ngakhale likulu la dzikolo ndi Amsterdam, boma ndi akazembe amakhala ku The Hague. Chisanafike chaka cha 1871, Germany lidali maufumu ambirimbiri, ndipo akuluakulu mwa iwo ankatumiza nthumwi zawozawo. Ufumu womwe mawu ake ankamveka kwambiri udali wa Prussia.

Mmodzi mwa nthumwi za Prussia adali Friedrich Wilhelm von Thulemeier, yemwe adakhala ku The Hague zaka zoposa 20. Mu 1785 adasainira kumeneko pangano la ubwenzi ndi malonda pakati pa Prussia ndi dziko latsopano la United States. Patangopita zaka ziwiri, adanyamula uthenga wamtundu wina. Nthawiyo Adatchi adali ogawikana: ena ankatsata Willem V wa banja lachifumu la Orange, ena otchedwa Patriots ankafuna kumuchepetsa mphamvu. Pa 28 Juni 1787, gulu la a Patriots lidaimitsa mkazi wa Willem, dzina lake Wilhelmina, ali paulendo wopita ku The Hague, n'kumubweza. Vuto lidali loti mayiyu adali mlongo wake wa mfumu ya Prussia. Mfumuyo idalamula kuti Adatchi apepese, ndipo Thulemeier ndiye adapereka chenjezo lomaliza. Kupepesa kutachedwa, asilikali a Prussia pafupifupi 20 000 adalowa m'dzikomo mu Seputembala, ndipo pofika Okutobala mzinda wa Amsterdam udagonja. Adatchi adaphunzira kuti kalata yochokera kummawa ikhoza kutsatana ndi mfuti.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, dziko la Netherlands silidalowerere mbali iliyonse. Izi zidachititsa kuti The Hague ikhale malo ofunika kwambiri kwa Ajeremani, poti kumeneko ankamva zomwe adani awo akuganiza komanso kupeza katundu yemwe sitima za Britain zinkatsekereza. Berlin idatumizako anthu ozama. Richard von Kühlmann adatumikirako kuyambira 1915, ndipo mu 1917 adakwezedwa kukhala mkulu wa unduna wa zakunja wa Germany. M'malo mwake ku The Hague kudabwera Friedrich Rosen mu 1916, katswiri wa zilankhulo za Chiperisiya ndi Chiarabu yemwe adakulira ku Jerusalem.

Rosen ndiye adakumana ndi mlandu womwe palibe kazembe adaukonzekera. Pa 10 Novembala 1918, mfumu yaikulu ya Germany, Wilhelm II, idathawa nkhondo itailaka, n'kukaima pa siteshoni ya sitima ya Eijsden m'malire a Netherlands kupempha malo obisala. Munthu yemwe dzulo lake ankalamula asilikali mamiliyoni adadikira papulatifomu kuti amve ngati alandiridwa. Rosen adathandiza kukambirana ndi boma la Adatchi, ndipo Wilhelm adapatsidwa malo m'nyumba yachifumu ya Amerongen, komwe adasainira kalata yotula pansi ufumu pa 28 Novembala. Maiko opambana nkhondo adalemba m'pangano la Versailles kuti mfumuyo iimbidwe mlandu, koma mu 1920 boma la Netherlands lidakana kuipereka. Wilhelm adasamukira ku Doorn, komwe adatha masiku ake akudula mitengo ndi kuwaza nkhuni mpaka imfa yake mu 1941.

Adolf Hitler atatenga boma mu 1933, akazembe akale ngati Zech adali ndi chisankho: kusiya ntchito kapena kutumikira boma latsopanolo. Zech adakhalabe. Mu ofesi yake momwemo mudali wina yemwe adasankha njira yosiyana. Wolfgang zu Putlitz ankapereka zinsinsi kwa akazitape a Britain mobisa, ndipo atazindikira kuti watulukiridwa adathawira ku London mu Seputembala 1939. Zech adapitiriza kutsimikizira Adatchi za ubwenzi wa dziko lake mpaka tsiku lomwe adapatsidwa kalata ija kuti akapereke. Pa 14 Meyi 1940 ndege za Germany zidaphwasula pakati pa mzinda wa Rotterdam, ndipo tsiku lotsatira asilikali a Netherlands adagonja. Zech adapumitsidwa ntchito. Nkhondo itatha adagwidwa ndi asilikali a Soviet Union ndipo adafera m'ndende ku Bautzen mu 1946.

Kwa zaka zisanu kudalibe kazembe ku The Hague, poti mfumukazi ndi boma lake adali atathawira ku London. Dzikolo linkalamulidwa ndi Arthur Seyss-Inquart, bwanamkubwa woikidwa ndi Hitler. Unduna wa zakunja wa Germany udali ndi woimirira wake pambali pa bwanamkubwayo, Otto Bene, ndipo malipoti omwe ankatumiza ku Berlin ankafotokoza chiwerengero cha Ayuda omwe akwezedwa m'sitima kupita kummawa. Mwa Ayuda pafupifupi 140 000 a m'dzikomo, oposa 100 000 adaphedwa. Apa ntchito yolemba malipoti, yomwe imaoneka ngati yosalakwa, idasanduka kaundula wa imfa. Mawu oti "ndangotumidwa" ali ndi malire ake.

Yemwe adabwera nkhondo itatha adapeza zitseko zotseka. Karl Du Mont adakhala kazembe woyamba wa West Germany mu 1951, pakati pa anthu omwe ankakumbukira njala ya m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, yomwe idapha anthu pafupifupi 20 000. Padalinso nkhani ya malo: mu 1949 Adatchi adatenga madera ena a m'malire monga Elten ndi Selfkant ngati chipukuta misozi. Zokambirana zidatenga zaka, ndipo pangano la 1960 lidagamula kuti West Germany ilipire ndalama zokwana mamaki 280 miliyoni. Maderawo adabwezedwa pa 1 Ogasiti 1963.

Koma pangano silichiritsa mtima. Mu 1966 mwana wa mfumukazi, Beatrix, adakwatiwa ndi Claus von Amsberg, Mjeremani yemwe adakulira mbali ina ku Tanganyika ndipo adagwirapo ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko lake ku Abidjan. Pa tsiku la ukwati ku Amsterdam anthu adaponya mabomba a utsi, ena akukuwa kuti awabwezere njinga zomwe asilikali a Germany adalanda pankhondo. Claus adaphunzira Chidatchi, adadzichepetsa, ndipo pomwe ankamwalira mu 2002 adali mmodzi mwa anthu okondedwa kwambiri a m'banja lachifumu. Mu 1969 pulezidenti Gustav Heinemann adayendera dzikolo ndipo adakapereka ulemu ku Hollandsche Schouwburg, nyumba ya zisudzo ya ku Amsterdam komwe Ayuda ankasonkhanitsidwa asanatumizidwe kokaphedwa.

Kuyambira 1973 mpaka 1990 Adatchi ankachita ubale ndi maiko awiri a Germany, lakuzambwe ndi lakummawa. M'nyengo imeneyi, Otto von der Gablentz, kazembe wa West Germany kuyambira 1983 mpaka 1990, adadziwika chifukwa chosathawa mafunso owawa a nthawi ya nkhondo. Atatumikiranso ku Israel ndi ku Russia, adasankha kukakhala ku Amsterdam, komwe adamwalirira mu 2007. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chikhulupiriro chomwe chidagwa m'mawa umodzi chidatenga zaka makumi kuti chidzukenso.

Lero Germany ndiye dziko lomwe Netherlands imachita nalo malonda ambiri. Kuyambira 1995 maiko awiriwa ali ndi likulu limodzi la asilikali mumzinda wa Münster, ndipo pofika 2023 magulu onse atatu akuluakulu a asilikali apamtunda a Netherlands adali atalumikizidwa ndi magulu a asilikali a Germany. Mu 2012 pulezidenti wa Germany, Joachim Gauck, adaitanidwa kukalankhula ku Breda pa 5 Meyi, tsiku lomwe Adatchi amakumbukira kumasulidwa kwawo m'manja mwa Ajeremani. Kuitana koteroko sikulembedwa m'pangano lililonse. Kudatheka chifukwa omwe adatumidwa nkhondo itatha adavomera kumva madandaulo a mnansi wawo mobwerezabwereza, osatsutsa zomwe zidachitikadi.