Kukonza Khungu la Mpando Wakale wa Pulayiwudi

M'nyumba zathu zina, ndiponso m'maholo a sukulu, muli mipando yakale ya pulayiwudi wopinda, imene khungu lake lapamwamba lidatukuka kapena kubenthuka. Ambiri a ife timathamangira kuipala ndi sandipepala, ndipo pakutero timaiononga kotheratu. Ifenso tidalakwapo motero pa mpando umene adatisiyira makolo, ndipo chipsera chake chikadalipo kufikira lero.

Tiyambe tadziŵa mapangidwe ake. Pulayiwudi ndi timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi ndi guluu, mizere ya kena itapingasa mizere ya kanzake, kuti thabwa lisang'ambike msanga. Timatabwato akatipanikiza m'chikombole chotentha guluu asanaume, timapindika ndipo sitiwongokanso. Luso limeneli adalikuza ndi Alvar Aalto wa ku Finland, amene adapanga mpando wa Paimio m'chaka cha 1932, ndiponso Charles Eames ndi mkazi wake Ray a ku America. Aŵiriŵa m'chaka cha 1942 ankapanga zomangira miyendo yovulala ya asilikali, ndipo mipando yao idayamba kugulitsidwa mu 1946.

Kathabwa kapamwamba, kamene tikukatcha khungu, ndiko kokongola, koma kaŵirikaŵiri kuchindikala kwake sikufika milimita 1. Sandipepala akangopitirira pang'ono amaboola khungulo, guluu wapansi nkuonekera, ndipo vanishi sangabise bala lotere.

Khungu likatukuka chifukwa cha chinyezi, titenge lezala watsopano ndi kucheka potukukapo motsata mizere ya thabwa, osati mopingasa. Tichotse fumbi ndi guluu wakale, kenaka tiloŵetsemo guluu wa matabwa ndi kampeni kopyapyala. Tipukute wosefukira ndi kansalu konyoŵa, tiyalepo kapulasitiki kuti chopanira chisamatirire. Popeza mpandowo ndi wopinda, thabwa lowongoka silingapanikize paliponse mofanana. Thumba la mchenga ndilo limatsata mapindidwe ake. Tilipane kapena tilitsendereze ndi cholemera, ndipo tidikire maola 24.

Pamene pabenthuka pafunika chigamba cha mtengo wa mtundu womwewo, ndipo mizere yake iyang'ane kumene ikuyang'ana mizere ya mpando. Tisanjike chigambacho pabala ndi kucheka zonse ziŵiri pamodzi, kuti chiloŵe ndendende. Chigamba chosongoka mbali ziŵiri ngati tsamba sichioneka msanga, pamene chamakona anai chimadziulula chokha. Guluu akauma tisalaze ndi dzanja, pang'onopang'ono, ndi sandipepala wosalala.

Mitengo ina siipezekanso mosavuta. Mpando wotchuka wa a Eames wa 1956 unali ndi khungu la mtengo wa rosewood wa ku Brazil, umene malonda ake pakati pa maiko adaletsedwa mu 1992. Mpando wotere tisauyesere tokha, koma tiupereke kwa mmisiri wodziŵa.

Inu makolo, mipandoyi musaisiye pamvula kapena padzuŵa, ndipo pasaikidwe poto wotentha. Inu anyamata ndi asungwana, khalani pafupi pamene akulu akukonza, mugwire nao chopanira, mupukute nao guluu. Akale adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mpando umene wakhala zaka 60 ungathe kuonongeka m'mphindi 5 za liŵiro, koma tikaupatsa tsiku limodzi lathunthu adzakhalapo ndi adzukulu athu.