Tiziphuphu ta ndevu si magazi oipa, ndi kametedwe

Pitani pamalo ometera Loweruka m'mawa, kaya ku Ndirande kaya ku Kawale, muyang'ane makosi a amuna amene akudikira mpando. Ambiri pansi pa chibwano pali tiziphuphu tothithikana, tina ta mafinya, tina touma kale n'kusiya madontho akuda. Mukafunsa gwero lake, mayankho ake ndi okwiyitsa. Wina akuti ndi magazi oipa, wina akuloza makina a wometa. Oipitsitsa ndi aja amanong'onezana kuti mnzawoyo "anatenga". Bodza limeneli likuchititsa anthu manyazi popanda chifukwa, ndipo likuwadyera ndalama pa mankhwala osuka m'magazi amene alibe chochita ndi khosi lawo.

Madokotala a khungu amalitcha vutoli pseudofolliculitis barbae. Silopatsirana, siliyamba ndi kachilombo, ndipo silinena kanthu za khalidwe la munthu. Limayamba ndi tsitsi lake lomwe la mwiniwake.

Tsitsi lathu lopotanali silimera mowongoka. Kadzenje kamene limachokera m'khungu n'kokhota, ndipo tsitsilo palokha si lobulungira, ndi lophwatalala pang'ono, n'chifukwa chake limapindika likangotuluka. Lezala likadutsa, makamaka pa ndevu zouma, silisiya nsonga yobuntha ayi, limasiya nsonga yopendekera, yakuthwa. Ndevu zimakula pafupifupi milimita imodzi pa masiku atatu. M'masiku ochepawo kansonga kaja kamatuluka, kamakhota, n'kubwerera kukabaya khungu chapafupi pomwepo. Imeneyo ndi njira yoyamba. Yachiwiri ndi yobisika. Tsitsi likadulidwa pansi kwambiri mpaka kutsala m'kati mwa khungu, silipezanso khomo lotulukira. Limaboola khoma la kadzenje kake n'kumakulira cham'mbali, m'mnofu. Thupi silizindikira kuti ili ndi tsitsi lake. Limachita monga lichitira ndi munga wolowa kuphazi: limatumiza maselo oteteza, malowo amatupa, amayabwa, nthawi zina amachita mafinya. Pakapola, khungu lakuda limasiya donthotho, ndipo kwa ena pamamera chipsera chotupa chosatha. Pakhosi ndiye pamavuta kwambiri chifukwa ndevu za pamenepo zimamera mosokonekera, zina kuloza kumwamba, zina cham'mbali, ndipo khungu lake ndi lofewa, la makwinya.

Apa mpamene malezala amakono amalowera m'nkhani. Kampani ya Gillette inatulutsa lezala la mipeni iwiri mu 1971, la mipeni itatu mu 1998, ndipo lero alipo a mipeni isanu. Anapangidwa mwanzeru: mpeni woyamba umakoka tsitsi kulitulutsa pang'ono, wotsatira umalidula lisanabwerere, kenaka chotsalacho chimamira pansi pa khungu. Kwa munthu wa tsitsi lowongoka, chibwano chimasalala bwino. Kwa wa tsitsi lopotana, kumira kumeneko ndi njira yachiwiri ija. Chimodzimodzi amene amakoka khungu ndi zala pometa, kapena kumeta motsutsana ndi kumene ndevu zaloza, pofuna kuti pasatsale kanthu.

Vutoli si lathu lokha. Ku America, kumene asilikali amayenera kumeta tsiku ndi tsiku, ofufuza osiyanasiyana apeza kuti limagwira pakati pa 45 ndi 83 mwa amuna akuda 100 aliwonse ometa motero, ndipo kwa zaka zambiri madokotala a asilikali akhala akulemba makalata olola ena kusunga ndevu zazifupi. Palibe dokotala kumeneko amene ananena za magazi oipa.

Chochititsa chidwi n'chakuti ku Ulaya ndi ku America komweko amuna ambiri abwerera ku kametedwe ka agogo awo: madzi ofunda, sopo wometera wotakasidwa ndi burashi mpaka thovu litakhuthala, ndi chogwirira cha chitsulo chokhala ndi lezala limodzi, mtundu umene King C. Gillette analembetsa mu 1904. Lezala lake ndi lomwe lija timagula paokala. Kusiyana kwake ndi kagwiritsidwe. Ife timaligwira ndi zala, lopanda chotchinga, n'kumapala ndevu zouma kapena zongopaka sopo wochapira, mofulumira, galimoto la kuntchito likudikira. Tsitsi louma ndi lolimba, limakana mpeni, limang'ambika. Likanyowa mphindi ziwiri kapena zitatu m'madzi ofunda limamwa madzi, limafewa, ndipo lezala limadutsa osalikoka. Thovu limasunga chinyezicho n'kuchititsa mpeni kutsetsereka. Lezala limodzi limadula pa msinkhu wa khungu, osati pansi pake. Si kuti aliyense amachira nako, koma kwa ambiri tiziphuphu timachepa.

Pali bodza linanso losatha, lakuti ukameta pafupipafupi ndevu zimachuluka ndi kukhwima. Katswiri wa ku America, Mildred Trotter, anayeza zimenezi mu 1928 ndipo anapeza kuti kumeta sikusintha kunenepa, mtundu kapena liwiro la tsitsi. Papita zaka pafupifupi 100, anthu akubwerezabe.

Nanga sipiriti uja wometa amakuthirani pomaliza, inu n'kumaluma mano? Kuwawako si umboni wa kuchira. Sipiriti sangatulutse tsitsi lobaya m'mnofu, amangoumitsa khungu lovulala kale. Kufinya ndi zikhadabo kapena kutokosa ndi singano ndiye kumalowetsa tizilombo pamene panalibe, ndipo pamenepo matenda enieni a khungu amayamba.

Kuopa makina akuda si kulakwa, kungoti anthu akuopa chinthu cholakwika. Choopsa pa lezala lobwerekana si tiziphuphu, ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B. Kachilombo kake kamatha kukhala ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku asanu ndi awiri kapena kuposa, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti abambo ambiri a ndevu lero sanabayidwe ali ana. Lezala ndi la munthu mmodzi, ngakhale pa abale a bere limodzi.

Kwa amene khosi lawo lawonongeka kale, mankhwala oyamba ndi kusiya kumeta kwa mwezi wathunthu, kuti tsitsi lobayalo litalike n'kudzizula lokha. Poyambiranso, metani motsatira kumene ndevu zaloza, kapena gwiritsani makina osiya milimita imodzi. Mafinya akachuluka, kapena chipsera chikayamba kutupa, musadikire malangizo a pabenchi, pitani kuchipatala akakuoneni a khungu.